Beit: Dzina la ku Hamburg Lomwe Lidawoloka Kafue

Dziko la Zambia litalandira ufulu mu 1964, mayina a atsamunda adayamba kuchotsedwa limodzilimodzi. Northern Rhodesia idasanduka Zambia, ndipo dzina la Cecil Rhodes lidachoka pa dzina la dziko. Fort Jameson idakhala Chipata, Broken Hill idakhala Kabwe, Abercorn idakhala Mbala. Ku Malawi nakonso Fort Johnston idakhala Mangochi, Port Herald nkukhala Nsanje. Koma pa gulu lomwelo la anthu amene adagawana maiko athu, pali mmodzi amene dzina lake palibe adalikhudza. Makolo a ana opunduka miyendo amalitchula akamapita ku chipatala cha Beit CURE ku Blantyre kapena ku Lusaka. Aliyense amene adakwerapo basi ya ku Joni amalidziwa, chifukwa pa Beitbridge ndi pomwe mtima umagunda munthu atagwira pasipoti m'manja. Madalaivala a mathiraki onyamuka m'dera la mafakitale ku Kafue amalipeza pa Chirundu, pomwe mlatho wakale umatchedwa Otto Beit. Ndipo ku Kafue komweko, mlatho woyamba wa galimoto udamangidwa ndi ndalama za banja limeneli.

Beit ndi dzina la banja la Chijeremani, la mu mzinda wa Hamburg. Ulendo wake kuchoka kumeneko mpaka kufika pa mtsinje wa Kafue udatenga zaka pafupifupi 180.

Ku Germany mayina a mabanja sadakhalepo chiyambire. Adayamba kukhazikika m'matauni cha m'zaka za m'ma 1200 ndi 1300, anthu atachuluka moti dzina la ubatizo lokha silinkakwanira kusiyanitsa Johann uyu ndi Johann uyo pa nkhani za msonkho, ngongole ndi chuma cha masiye. Ambiri adatengera dzina ku ntchito yawo, monga Müller wa pachigayo ndi Schmidt wosula zitsulo. Ena adatengera mudzi kapena dzina la bambo. Ayuda a m'maiko a Chijeremani adachedwerako: mwamwambo wawo munthu ankadziwika kuti uje mwana wa uje, ndipo dzina linkasintha m'badwo uliwonse, mpaka maboma adawakakamiza kulembetsa mayina okhazikika, ku Austria mu 1787 ndi ku Prussia mu 1812. Ife nkhani iyi sitiyiona yachilendo. Makolo athu adali ndi mfunda, a Phiri, a Banda, a Mwale, koma dzina lachiwiri lolembedwa pa pepala lidabwera ndi kaundula wa msonkho, wa mishoni ndi wa sukulu.

Banja la Beit lidali la Chiyuda, koma ilo silidadikire malamulo amenewo. Pofika 1770 dzinali lidali kale m'mabuku a boma la Hamburg. Chaka chimenecho akuluakulu a mzindawo adapatsa Marcus Salomon Beit chilolezo chomanga ng'anjo yoyengera siliva ndi kumulekanitsa ndi golide. Idali ntchito yofunika kwambiri mu mzinda wa amalonda, momwe ndalama zachitsulo za maiko osiyanasiyana zinkakumana ndipo aliyense ankafuna kudziwa kuti mwa ndalama iyi siliva weniweni ndi wochuluka bwanji. Mbale wake Raphael adalowa nawo m'bizinesiyo, ana ndi adzukulu adaipitiriza, ndipo idakula kuchoka pa siliva kufika pa mkuwa. Mu 1866 idakhala gawo la kampani yotchedwa Norddeutsche Affinerie, yomwe kuyambira 2009 imadziwika kuti Aurubis, imodzi mwa makampani akuluakulu oyenga mkuwa ku Ulaya konse. Wa ku Zambia aliyense aone apa pomwe dzinali lidayambira: pa ng'anjo ndi pa miyala ya pansi pa nthaka.

Alfred Beit adabadwa pa 15 February 1853. Bambo ake, Siegfried, ankagulitsa nsalu za silika, ndipo iwo pamodzi ndi mayi ake, Laura, adali atalowa mpingo wa Lutheran, monga momwe mabanja ambiri a Chiyuda ankachitira nthawi imeneyo pofuna kuti ana awo asatsekeredwe makomo. Nthambi yawo ya banjali sidali yolemera kwambiri. Alfred sadali mwana wowala m'kalasi, choncho adamutumiza ku Amsterdam kukaphunzira ntchito ya dayamondi. Kumeneko adaphunzira chinthu chimodzi chomwe chidasintha moyo wake wonse: kuyang'ana mwala ndi kudziwa mtengo wake weniweni.

Mu 1875 kampani ya abale ake, a Lippert, idamutumiza ku Kimberley kukagula dayamondi. Adapeza ogula ambiri akungoyerekeza mitengo, ena kunamiza okumba, ena kunamizidwa. Iye ankadziwa kuti mwala uwu ku Amsterdam ukagulidwa zingati, ndipo ankatha kulipira mtengo wabwino nkupezabe phindu. Ogulitsa adayamba kumufunafuna. Ndalama zina adazipeza pomanga timaofesi ta malata nkumachititsa lendi. Posakhalitsa adagwirizana ndi Mjeremani mnzake, Julius Wernher, ndipo kampani yawo idadzatchedwa Wernher, Beit & Co.

Ku Kimberley komweko ndi komwe adakumana ndi Cecil Rhodes. Anthu awiriwa adali osiyana kwambiri. Rhodes adali wapakamwa, wokonda kuonekera, wolota za ufumu wa Angelezi kuchokera ku Cape mpaka ku Cairo. Beit adali wamfupi, wamanyazi, wosakonda kuyankhula pagulu, koma mutu wake unkasunga manambala modabwitsa, ndipo adali ndi njira yofikira kwa eni mabanki a ku London, Paris ndi Germany. Pamene migodi yonse ya dayamondi idalumikizidwa kukhala De Beers Consolidated Mines mu 1888, Rhodes ndiye adatchuka, koma masamu ndi ndalama zambiri zidadzera kwa Beit, amene adakhala mmodzi mwa olamula kampaniyo kwa moyo wake wonse. Golide atapezeka ku Witwatersrand mu 1886, gulu la Wernher ndi Beit, kudzera mu kampani ya H. Eckstein ku Johannesburg, lidakhala lalikulu kuposa onse, ndipo ndilo lidatsogolera kukumba migodi yakuya pomwe ena ankaganiza kuti golide wathera pamwamba.

Apa mpofunika kuima pang'ono, chifukwa mabuku otamanda Beit amadutsapo mothamanga. Chuma chimenechi chidachokera m'manja mwa anthu akuda. Ku Kimberley, kuyambira cha m'ma 1885, ogwira ntchito ankatsekeredwa m'makomboni a mpanda kwa nthawi yonse ya kontirakiti yawo, osaloledwa kutuluka, ndipo pomaliza ntchito ankasungidwa masiku angapo akufufuzidwa thupi lonse poopa kuti wina wameza dayamondi. Ku migodi ya golide mwala udali wosauka, kutanthauza kuti pankafunika kuphwanya matani ambiri kuti papezeke golide wochepa, ndipo phindu linkadalira kuti malipiro a wantchito akhale otsika. Eni migodi adagwirizana kuti asamalimbirane antchito pokweza malipiro, nakhazikitsa bungwe limodzi lolemba anthu, lomwe kwathu kuno tidalidziwa kuti Wenela. Amuna a ku Nyasaland adayamba kutengedwa mu 1903. Adafa ndi chibayo ochuluka kwambiri moti mu 1913 boma la South Africa lidaletsa kulemba anthu ochokera kumaiko otentha a kumpoto, mpaka khomo lidadzatsegulidwanso m'zaka za m'ma 1930. Mabanja ambiri a ku Dedza, Ntcheu, Mzimba, Chipata ndi Katete ali ndi agogo amene adapita osabwerako, matchona amene manda awo palibe akuwadziwa. Thukuta lawo lili m'ndalama zomwe tikambe kutsogoloku.

Beit adalinso mmodzi mwa akuluakulu oyamba a British South Africa Company, yomwe idalandira chilolezo cha Mfumukazi Victoria mu October 1889. Kampani iyi ndiyo idalanda dziko la Mfumu Lobengula, ndiyo idatenga mapangano kwa Mfumu Lewanika mu 1890 nkuwatambasula mpaka kunena kuti miyala yonse ya pansi pa Northern Rhodesia ndi yake. Dera la Mpezeni lidagwa m'manja mwake Angoni atagonjetsedwa mu January 1898, mwana wake Nsingo ataphedwa ndi ng'ombe zambirimbiri zitalandidwa. Tauni yomwe idamangidwa pamenepo idapatsidwa dzina la Leander Starr Jameson, munthu yemwe kumapeto kwa 1895 adatsogolera gulu la asilikali kukayesa kugwetsa boma la Paul Kruger ku Transvaal. Chiwembu chimenecho Beit adachithandiza ndi ndalama zake. Chitalephereka, adatula pansi udindo wake mu kampani, ndipo komiti ya nyumba ya malamulo ku London idamudzudzula mu 1897, ngakhale adadzabwereranso pampando pambuyo pake. Ufulu wa kampaniyo pa miyala ya ku Zambia udapitirira mpaka usiku woti mawa lake dziko lilandira ufulu mu October 1964, pomwe udagulidwa ndi mapaundi 4 miliyoni, theka lolipira Britain, theka Zambia.

Alfred Beit adamwalira pa 16 July 1906 ku nyumba yake ya Tewin Water ku England, ali ndi zaka 53, asadakwatire. Chaka chomwecho ndi chomwe mlatho wa njanji pa Kafue udamalizidwa ndi kampani ya Pauling, wotalika mamita 427, wa zigawo 13, ndipo sitima idayamba kuyenda kuchokera ku Livingstone mpaka ku Broken Hill. Mu wilu yake Beit adasiya mapaundi 1,200,000 m'manja mwa anthu atatu, m'bale wake Otto, mnzake Wernher ndi loya Bourchier Hawksley, kuti azithandizira njanji, mawaya a mauthenga ndi njira zina zolumikizira maiko a Rhodesia. Sadasiyire ndalamazo anthu akuda monga mphatso. Cholinga chake chidali kupitiriza loto la Rhodes, kuti katundu ndi anthu aziyenda mosavuta. Umu ndi momwe thumba la Beit Trust lidabadwira.

Poyamba thumbali linkakongoza ndalama ku makampani a njanji kuti agulire mitu ya sitima ndi mabogi. Galimoto zitayamba kuchuluka, lidatembenukira ku milatho, ndipo apa ndi pomwe dzinali lidalowa m'kamwa mwa anthu wamba. Mu 1929 mlatho wa pa Limpopo udatsegulidwa ndi dzina la Alfred Beit, ndipo tauni yomwe idamera pambali pake ndiyo Beitbridge. Mu 1932 padamangidwa mlatho woyamba pa Luangwa, womwe udalumikiza Fort Jameson ndi Lusaka. Anthu a kum'mawa aganizire bwino tanthauzo lake: msewu umene udabweretsa Achewa, Ansenga ndi Angoni ochuluka ku Lusaka, mzinda womwe udakhala likulu mu 1935, mpaka Chinyanja nkukhala chiyankhulo cha mumsika ndi m'minibasi, udatseguka bwino ndi mlatho umenewu. Mu 1935 padabwera mlatho wa Birchenough pa mtsinje wa Save, ndipo mu May 1939 mlatho wolendewera pa zingwe zachitsulo wa Otto Beit udatsegulidwa pa Chirundu.

Wa pa Kafue udabwera pomaliza, ndipo mbiri yake ndi yodabwitsa. Pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, boma la Britain linkaopa kuti ndege za Ajeremani ziphulitsa milatho ya pa mtsinje wa Thames, choncho lidamanga milatho yapadera yodikirira ngozi. Nkhondo itatha, umodzi mwa iyo, wa pa Millbank pafupi ndi Vauxhall, udaphwasulidwa mu 1948, ndipo zitsulo zake zidakwezedwa m'sitima ya pamadzi kubwera ku Northern Rhodesia. Beit Trust ndiyo idalipira, ndipo mu 1949 galimoto zidayamba kuwoloka Kafue pa zitsulo zomwe kale zidali pakati pa London. Zitsulo zopangidwa poopa mabomba a Germany zidafika kuno ndi ndalama za mwana wa ku Hamburg, wa banja lomwe boma la Hitler likadaliwerengera m'gulu la anthu oyenera kuphedwa.

Amene amadziwa Kafue amvetsa chifukwa chake mlatho uwu udali wofunika kuposa kukula kwake. Kum'mwera kwa mtsinje, pa Turnpike, misewu iwiri imakumana, wochokera ku Livingstone ndi wochokera ku Chirundu. Chilichonse chochokera kum'mwera chopita ku Lusaka ndi ku migodi ya mkuwa chiyenera kuwoloka pamenepo. Njanji ilipo, msewu ulipo, madzi osaphwa alipo, ndipo Lusaka ili pa mtunda wa makilomita osapitirira 50. Boma la Kenneth Kaunda litafuna malo omangapo mafakitale kumapeto kwa zaka za m'ma 1960, Kafue idali ndi zonse, kuphatikizapo magetsi a ku Kafue Gorge omwe adayamba kutuluka kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970. Kudzera mu kampani ya boma ya INDECO padamangidwa Kafue Textiles yoomba nsalu kuchokera ku thonje la alimi a m'dziko momwemo, Nitrogen Chemicals of Zambia yomwe idatsegulidwa mu 1970, ndi nyumba za Kafue Estates zokhalamo antchito. Kudabwera anthu ochokera m'zigawo zonse.

Mkati mwa mpanda wa Nitrogen, monga anthu amaitchulira, mudalowanso mayina ena a Chijeremani omwe amisiri okha ndiwo ankawatchula. Njira yotengera nayitirojeni mumpweya nkupanga amoniya, yemwe ndi tsinde la feteleza ndi mabomba ophwanyira miyala ku migodi, imatchedwa Haber-Bosch, potengera Fritz Haber ndi Carl Bosch. Ng'anjo zosandutsa malasha a ku Maamba kukhala gasi zidali za mtundu wa Koppers-Totzek, wa ku Essen. Mayina awa adakhala m'mabuku a mainjiniya, sadatuluke pageti. La Beit lidatuluka chifukwa lidalembedwa pa zinthu zomwe munthu wamba amapondapo.

Koma milatho ili ndi mbali yomwe imaloza. Ya Beit idamangidwa kuti imangirire kumpoto ku Salisbury (Harare ya lero) ndi ku Johannesburg: mkuwa ndi antchito zitsike, katundu wa m'mafakitale a kum'mwera akwere. Ian Smith atalengeza ufulu wake wa chinyengo ku Salisbury pa 11 November 1965, Zambia idazindikira kuti njira zake zonse zikudutsa pabwalo la mdani, ndipo malire atatsekedwa mu 1973 zinthu zidafika povuta. Mafakitale a ku Kafue adamangidwa mwa zina kuti athetse kudalira kumeneko, kuti nsalu ndi feteleza zisamachokere kutsidya kwa Zambezi. Njanji ya TAZARA ndi paipi ya mafuta yochokera ku Dar es Salaam zidali mayankho a funso lomwelo. Zina zidatheka, zina zidagwa. Kafue Textiles idatseka zitseko m'zaka za m'ma 2000 italephera kupikisana ndi salaula ndi nsalu zotsika mtengo zakunja, Nitrogen idafooka kwa zaka zambiri, ndipo mabanja ochuluka a ku Estates adadziwa tanthauzo lodikira ndalama za penshoni. Lero fakitale ya zitsulo ndiyo ikufuka utsi m'derali, ndipo mathiraki a mkuwa akutsikabe njira yakale ija, Kafue, Chirundu, Harare, Beitbridge, mpaka ku Durban. Mlatho wa 1949 udalowedwa m'malo ndi watsopano, womangidwa ndi thandizo la Japan kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, monganso zidachitikira pa Chirundu mu 2002.

Nanga nchifukwa chiyani dzina la Beit lidapulumuka pomwe la Rhodes ndi la Jameson adachotsedwa? Ine ndikuona zifukwa ziwiri. Choyamba, mwini wake sadafune kuonekera. Sadakhalepo nduna, sadatsogolere asilikali, sadatche dziko dzina lake, choncho mkwiyo wa anthu udalunjika kwa amene ankayankhula pamsonkhano, osati kwa amene ankasainira macheke. Chachiwiri, thumba lake lidasintha nkhope nthawi isadathe. Mu 1954 nyumba ya malamulo ya ku Britain idasintha malamulo a Beit Trust, Nyasaland idalowetsedwamo, ndipo ntchito idachoka pa njanji kupita ku sukulu, zipatala ndi maphunziro. Palibe boma lomwe lingathamangitse dzina lomwe likumanga wodi ya amayi oyembekezera. Sindikunena izi monyoza. Mwana amene adabadwa ndi mapazi opindika nkuyamba kuyenda atachitidwa opaleshoni ku Beit CURE, yomwe idatsegulidwa ku Blantyre mu 2002 ndi ku Lusaka mu 2006, wathandizidwa zenizeni, ndipo mayi ake ali ndi chifukwa chothokozera. Chomwe ndikukana ndi kuganiza kuti iyi ndi mphatso yochokera kutali. Ndi kachigawo kochepa ka chuma cha kuno komwe, chokumbidwa ndi agogo a ana omwewo, chikubwerera pang'onopang'ono. Ana a sukulu a ku Kafue ayenera kuphunzitsidwa mbali zonse ziwiri, ya mlatho ndi ya komboni.

Banja lenilenilo lidamwazikana. Msuweni wina, Eduard, adakwatira m'banja la eni banki a Speyer ku Frankfurt, ndipo mu 1910 adapatsidwa ulemu wa ufumu nkukhala Beit von Speyer. Ku Hamburg, ndalama zomwe Alfred adapereka, mamaki 2 miliyoni, zidathandiza kuyala maziko a yunivesite ya mzindawo. Otto adakhazikika ku London, adathandiza Imperial College ndi kafukufuku wa zamankhwala, napatsidwa ulemu wa baronet mu 1924, nkumwalira mu 1930. Mwana wake, Sir Alfred Beit, adakhalapo phungu wa nyumba ya malamulo ku Britain, kenaka adasamukira ku Ireland mu 1952 ndi zithunzi zamtengo wapatali zomwe banjalo lidagula ndi ndalama za dayamondi ndi golide. Nyumba yake ya Russborough idathyoledwa ndi gulu la IRA mu 1974, ndi mbava zina mu 1986, ndipo mu 1987 adapereka zithunzi zofunika kwambiri, kuphatikizapo cha Vermeer, ku nyumba yosungira zithunzi ya dziko la Ireland. Adamwalira mu 1994 wopanda mwana, ndipo ulemu wa baronet udathera pomwepo. Thumba lokha ndilo likugwirabe ntchito m'maiko atatu, Malawi, Zambia ndi Zimbabwe, ndipo chaka chilichonse ophunzira a m'maikowa amatumiza makalata opempha thandizo la Beit kuti akachite maphunziro apamwamba ku Britain kapena ku South Africa.